Mbale ya Alendo

Mlendo ndi mame, adatero akale, ndipo mwambiwu mayi anga adaugwira ndi manja awiri. M'nyumba mwathu kuno ku Minga munali mbale imodzi yoyera mbee, yolemera ukainyamula. Bambo adabwera nayo pochokera ku Walale, ataikulunga m'bulangete, njira yonse yodzera pa Feira. Ife ana tinkadyera m'mbale zachitsulo zosupuka m'milomo. Yoyerayo inkatuluka m'bokosi kukabwera ansembe a ku mishoni kapena apongozi basi. Ukangoikhudza, khutu lako linkadziwa.

Mwezi watha mdzukulu wanga wophunzira ku Lusaka adaitembenuza. Kunsi kuli mkango ndi kavalo wa nyanga imodzi, ndi mawu akuti Ironstone China, J. & G. Meakin, Hanley, England. Adafufuza pafoni nandiwerengera. Mbale za mtundu umenewu adazilembetsa m'dzina lake Charles James Mason mu 1813, ku Staffordshire. Dzinalo likuti mwala wachitsulo, koma nzamalonda chabe: ndi dothi loyera losakaniza ndi miyala yopera, lootchedwa pamoto waukulu. Dothi! Mbale ndi mphika wa agogo ndi pachibale, adangosiyana ng'anjo. A Meakin adayamba kuumba mu 1851, ndipo zoyera zopanda maluwa ngati yathuyi ankazitumiza kunja zambirimbiri, zodyera alimi tsiku ndi tsiku. Ndidaseka mpaka kutsokomola. Kapolo wa kwawo adadzakhala mfumu kwathu.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Nditaiyang'anitsitsa padzuwa ndidaona timing'alu ngati ukonde wa kangaude, momwe mafuta a nkhuku za alendo adalowa nkusiya thimbiriro. Koma ukaigogoda ndi chala imalirabe nge, ngati belu la patchalitchi. Mbale yong'aluka mkati silira choncho, imangoti phwa.

"Agogo, musamadyeremo," adatero mwanayo. "Osonkhanitsa zakale amagula ndalama zabwino. Komanso utoto wonyezimira wakalewu nthawi zina umakhala ndi mtovu."

Za mtovuzo ndamvera, pakuti nzeru sizili mu imvi zokha. Matimati ndi zowawasa sindiikamo. Koma zogulitsazo iai. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mayi adaitsuka mbale imeneyi moyo wawo wonse, kuipukuta, kuibisira ife, kuipereka chogwada kwa anthu odutsa, ndipo adatsikira kumanda asanatememo mbamu ndi imodzi yomwe. Ankadikira tsiku loyenera. Tsikulo lidafika pamaliro awo, pamene mlendo wina adadyeramo.

Tsono ine ndaitulutsa m'bokosi. Masana aliwonse mumalowa nsima yanga, pambali ndiwo zotendera m'kambale kapulasitiki. Adzukulu nawonso amapisamo dzanja, ndipo khutu la aliyense lili pamtendere. Ikadzasweka idzasweka ili pantchito.

Mukamadutsa pa Great East Road kupita ku Nyimba, patukani mudzaione, koma mufike ndi njala.