Diso la Mphunzitsi

Patchuthi chapitachi ndinakhala masiku atatu kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 1 kumene amaphunzira mlongo wanga wamng'ono. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi otere ngodzaza: ana opitirira 100, mphunzitsi mmodzi. Mayiwo anali ndi kope lolembamo zimene mwana aliyense wakhoza tsiku ndi tsiku, ati kuyesa kosadikira kutha kwa teremu. Ganizoli ndigwirizana nalo, pakuti mayeso a tsiku limodzi amayesa ndi malungo ndi njala zomwe.

Koma kodi diso limodzi lingathe chilungamo? Mlongo wangayo kunyumba amaŵerenga zitsekerero za mabotolo mpaka 50, ndipo akamtuma kukagula mchere palibe angambere chenji. M'kalasi amangozolika, poti amayi anamlangiza kuti mwana waulemu sapenya wamkulu m'maso. M'kope muja, pa dzina lake panalembedwa kuti sanathe kuŵerenga mpaka 10. Onse okuwa "Ine, Madamu!" anali atachongedwa.

Mphunzitsiwo sindiwaimba mlandu. Pepala la mayeso, ngakhale nlouma mtima, silidziŵa kuti uyu ndi mwana wa amfumu. Munthu amadziŵa, amatopa, amakonda. Tsono anzanga, ife amene maŵa tidzagwira choko, tikamati tikumuyesa mwana pomuyang'anira, tikuyesa zimene akudziŵa kapena kulimba mtima kwake pamaso pathu? Pofika tsiku lachitatu ndinadzigwira ndekha: maina amene ndinali nditaloŵeza anali a ana olongolola okhaokha.