Makoka a Simoni ndi Zolakalaka za Mtima

Kwamveka ciphunzitso cina pakati pa anyamata athu. Ati munthu akatseka maso, naona mumtima mwace cinthu acifunaco monga ngati wacilandira kale, cinthuco cidzamdzera ndithu. Wina wa aphunzitsi ace anali Neville Goddard, wobadwira ku Barbados caka ca 1905, amene analalikira ku America kuti zozizwa za m'Buku Lopatulika ziri mafanizo cabe a mphamvu ya maganizo a munthu. Tiyeni tiyese mauwa pa cozizwa cimene asodzi acidziwa bwino, ca pa Luka 5.

Kodi Simoni analikuona nsomba mumtima mwace m'mawa muja? Iai. Anacezera usiku wonse pa nyanja ya Genesarete osakola kanthu, ndipo Ambuye anampeza alikutsuka makoka, ndiko kunena kuti anali ataleka. Inu a ku Senga muidziwa nkhope ya munthu wotere, pofika iye pakhomo ndi dengu lopanda kanthu, ana alikumyang'ana. Pomuuza Yesu kuti abwerere kumadzi akuya, sanabisa kukaika kwace, koma anapalasa. Nsomba zinadza pa mau a Wina, ndipo zitadza zinamlaka yekha, nakodola anzace a m'ngalawa yina. Pofika kumtunda anazisiya zonse, zomwezo anazibvutikira usiku wonse, natsata Yesu. Akadakhala kuti anaziitana ndi maganizo ace, akadagwadiranji ndi mantha, ndi kudzicha wocimwa?

Komatu sinditi kuona ndi mtima kuli kopanda pace. Mmisiri aona bwato mumtengo asanagwire nkhwangwa. Taonani cisumbu ca Mbenji, m'dziko la mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 cisumbuco citsekedwa nyengo ya dzinja, December kufikira April, ndipo mowa ndi juga ziletsedwa komweko. Ena ati akale anatero poopa mphezi ndi mizimu. Ife Akristu sitiopa mizimu, koma akulu osunga lamulolo lero aona ndi mtima zidzukulu zosabadwa zirikusowa ndiwo, nalola nsomba ziswane. Miyezi imeneyo njala iluma, ndipo odandaula sasowa. Koma potsegula, asodzi acokera kutali kudzakola utaka, pamene m'madooko ambiri cambo cacepa cifukwa ca makoka a maso ang'ono.

Tsono iwe mnyamata wogona pamphasa dzuwa liri pamutu, ulikuona boti la injini m'maganizo ako: kulifuna si cimo ai, ulinene kwa Mulungu m'pemphero, ndipo Iye ayankhe monga afuna. Koma tauka. Mwera waleka dzulo, khoka la atate wako liri ndi zibowo, ndipo anzako akusowa wina wogwira nkhafi madzulo ano.