Kagalu Pakhomo Pathu

Amayi anzathu mwa Ambuye, ambirife tikulera tiagalu, ndipo zochita zawo tikuzidziwa: kutafuna nsapato zopitira kutchalitchi, kuthamangitsa anapiye, kunyambita m'mapoto. Tikapsa mtima, timangotola chikuni.

Komatu kagalu ka miyezi 4 kamatafuna zinthu chifukwa mano atsopano akumera. Tikapatse chakechake chotafuna. Kukamenya madzulo chifukwa cha cholakwa cha m'mawa n'kungokaphunzitsa mantha, pakuti sikadziwa chimene kakumenyedwera. Tikadzudzule pomwepo, ndi mawu omwewo tsiku lililonse, ndipo kakamvera tikasisite.

Buku la Miyambo, mutu 12, limazindikira munthu wolungama poona mmene amasamalira chiweto chake. Kusamalako n'kuphatikizapo katemera wa chiwewe kagalu kakakwanitsa miyezi 3, popeza amene amasewera nako tsiku lonse ndi ana athu.