Fisi, Kamba ndi Mlonda Wokalamba wa M'kabokosi

Padangokhala Fisi ndi Kamba.

Tili tonse.

Awiriwa anagula aliyense kabokosi kake kosungiramo mafayilo kotchedwa NSLU2, kamene kampani ya Linksys inatulutsa mu 2004. Kanali kakang'ono, kokhala ndi mabowo awiri a USB olumikizirapo madisiki ndi bowo limodzi la waya wa netiweki. Kakayaka, makompyuta onse a m'nyumba ankasunga ndi kutenga zinthu pamalo amodzi.

Posapita nthawi anamva kuti anzawo akuchotsamo pulogalamu ya kampani n'kuikamo Debian, mtundu wa Linux umene unkalola mwini kabokosi kukapatsa ntchito iliyonse imene wafuna. Onse awiri mtima unali dyokodyoko.

Koma panali chopinga. Kumayambiriro kwenikweni kwa flash ya 8 MB, mosungira mapulogalamu a kabokosiko, kunkakhala mlonda wokalamba, pulogalamu yotchedwa RedBoot. Magetsi akangolowa, iye ndiye ankayamba kudzuka, kenako n'kunyamula kernel, lomwe ndi phata la Linux, kukaitula mu memory ya 32 MB kuti iyambe ntchito. Nkhalambayi inazolowera katundu wosapitirira 1 MB, pamene kernel ya Debian inali yoposa pamenepo.

"Achimwene," anatero Fisi, "madalawa atha ntchito. Ine ndiwachotsa, ndiikepo mlonda watsopano wamphamvu."

"Pepani achimwene, taganizani kaye," anayankha Kamba. "Mukawachotsa, ndiye zinthu n'kulakwika pakati, adzakutsegulireni pakhomo ndani?"

Fisi anaseka chikhakhali. Usiku womwewo anayamba kufufuta RedBoot n'kumalemba mlonda wina pamalo pake. Ntchito ili mkati, magetsi anangoti thi! Atayakanso, Fisi anadina batani. Kabokosi kanali zii. Anazula waya, kubwezera, kudinanso, koma ayi ndithu. Mlonda wakale anali atafufutika, watsopano anali asanamalizike kulembedwa, ndipo m'kabokosimo munalibenso wodzutsa mnzake.

Kamba anatenga njira ina. RedBoot sanamukhudze mpang'ono pomwe. Anapeza mlonda wachiwiri wochepa thupi, dzina lake APEX, amene anamulemba Marc Singer, n'kumuika pamalo pomwe nkhalamba ija inkayembekezera kupezapo kernel. M'mawa RedBoot anadzuka monga mwa masiku onse, ananyamula katundu wopepuka amene anamupeza, n'kumupatsa ulamuliro. APEX naye anakatenga kernel yaikulu ija, kernel n'kutsegula disiki ya pa USB, Debian n'kuyamba kuyenda. Zinali ngati agogo akutuma mdzukulu kukasenza thumba limene iwo sangalithe.

Patapita miyezi, Kamba nayenso anaphonya. Anaika kernel yolakwika, kabokosi kake n'kukana kuyaka. Fisi atamva anathamangira komweko akuwomba m'manja.

"Mwaona, achimwene? Nanunso zakugwerani!"

Kamba sanayankhe. Anazimitsa kabokosi, natenga kawaya kosongoka n'kudina kabatani ka reset ka kumbuyo. Ali chidinire, anayatsa magetsi. Anadikira pafupifupi masekondi 10 mpaka kanyali ka kutsogolo kanafiira, pomwepo n'kusiya. Kanyali kanayamba kuphethira. Uyo anali RedBoot, ali moyo, akudikira kuti amutumizire zatsopano. Kamba anatsegula pulogalamu ya upslug2 pa kompyuta yake, natumiza zonse bwinobwino kudzera pa waya wa netiweki. Dzuwa lisanalowe, kabokosi kanali kakugwiranso ntchito, mafayilo onse ali momwemo pa disiki.

Fisi anagwira pakamwa. "Nanga changa chija, achimwene, sichingatheke chomwechi?"

"Amene amamva kabatani aka ndi madala munawachotsa aja," anatero Kamba mofatsa. "Kwatsala njira imodzi yokha, ndipo ndi yowawa."

Anayenera kutsegula chikuto cha kabokosi ka Fisi, kuwotcherera timawaya tating'onoting'ono pa bolodi, n'kulemba RedBoot mwatsopano kudzera pa timawayato, njira yotchedwa JTAG. Manja a Fisi ankanjenjemera, moti ntchito yonse anaigwira Kamba, pang'onopang'ono, osamudzudzula mnzakeyo. Kanyali katayakanso, Fisi anagwada.

"Zikomo achimwene. Madala aja sindidzawachotsanso."

Kuyambira tsiku limenelo Fisi anaphunzira kufunsa funso limodzi asanasinthe kanthu: zikakanika, ndibwerera bwanji?

Phunziro la nthanoyi ndi lakuti kufuna zatsopano si kulakwa, pakuti Kamba nayenso anazifuna ndipo anazipeza. Onse awiri anaphonya, koma wina anali atasunga njira yobwererera, wina ataigumula ndi manja ake. Chakale chikachepa mphamvu, chipatseni wothandiza, musachitaye, poti tsiku la mavuto ndicho chidzakupulumutseni. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Kaphuleni mbatata!

Yapserera!