Musanadzoze Poloti, Funsani za Malire



Mvula ikatha, ambiri a ife timayamba kukonza mapoloti. Timadula tchire, timazula zitsa, timachotsa dothi lapamwamba kuti maziko akhale pa nthaka yolimba. Mmisiri wodziwa ntchito salola chitsa kutsala pansi pa silabu, chifukwa chikawola chimasiya mphako, chiswe chimapezapo chakudya, ndipo pakapita zaka khoma limang'ambika. Tikatha izi timaitana abusa ndi a mapemphero kudzadzoza malowo ndi mafuta. Zonsezi n'zabwino. Koma funso la sabata ino nali: kodi pemphero lingayeretse poloti imene munthu wina akuilirira?

Tonse tikudziwa mmene zimachitikira. Bikoni imasuntha usiku ndi mita imodzi, poti mwini poloti yoyandikana amakhala kutali, sabwerabwera. Mlamu amagulitsa malo a malemu, mayi wamasiye misozi isanaume. Wina amagula motchipa kwa anyamata opanda pepala lililonse. Ndiye Loweruka tonse tili pomwepo, manja m'mwamba, kumanga mizimu ya m'nthaka. Manje ngati amene akulira pamalopo si chiwanda koma mwana wamasiye, tikumanga ndani?

Mawu a Mulungu sakubisa pa nkhaniyi. Deuteronomo 19:14 amaletsa kusuntha malire a mnzako. Miyambo 23:10-11 ikutichenjeza kuti pa mlandu wa munda wa ana amasiye, Mulungu mwini ndiye amawaimirira. Taganizani, tikupempha dalitso kwa Iye amene ali kale mbali ya wodandaula!

Onani Abrahamu pa Genesis 23. Dziko lonse la Kanani anali atalonjezedwa, komabe pofuna manda a Sara analipira Efroni masekeli 400 asiliva, anthu akuona. Onani Yeremiya 32. Mulungu ndiye anamuuza za munda wa ku Anatoti, koma mneneri anayeza masekeli 17, analemba kalata, anaitana mboni, kalatayo inasungidwa mu mtsuko wadothi. Anthuwa anali ndi lonjezo, anali ndi ulosi, koma sanalumphe chilungamo.

Mwina wina akuti, "Ine ndinalipira ndalama zanga, za kumbuyo sizindikhudza." Zoona, amene ananyengedwa sali ngati amene ananyenga. Koma tinene chilungamo: nthawi zina sitifunsa chifukwa tikuopa yankho. Mtengo ukatsika kwambiri mtima umadziwa. Safunsa anadya phula. Kufunsa ndi mbali ya kukonza poloti, monga kuzula zitsa. Ngati ndi malo a mfumu, kaonaneni ndi anyakwawa ndi a banja lonse, osati munthu mmodzi. Ngati ndi malo a taitolo, kafufuzeni ku khonsolo ndi ku Unduna wa za Malo kuti dzina lili pamenepo ndi la ndani. Oyeza malo akuonetseni mabikoni, oyandikana nawo alipo. Ngati mwini malo anamwalira, funsani za mkazi ndi ana. Lamulo la Zambia la 1989 lokhudza chuma cha womwalira wosasiya wilo limapatsa ana magawo 50 pa 100, ndipo mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20.

Nanga amene anagula kale, njerwa zili pamalo, ndiyeno wamva kuti malowo analandidwa? Apa m'povuta, tisanamizane. Ndalama zija mwina ndi za penshoni, mwina ndi ngongole. Koma musathamangire kuthira silabu kuti nkhani ikwiririke. Imitsani ntchito. Kakhaleni pansi ndi olandidwawo pamaso pa akulu, mumve mbali yawo. Mwina mudzalipiranso, mwina mudzabweza mita ija, mwina mudzataya ndithu. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake anayamba kukamba za kubweza, ndipo pamenepo Yesu analengeza chipulumutso pa nyumbayo.

Mafuta tidzadzoza, mapemphero tidzapemphera. Koma tiyambe tabwezera bikoni pamalo pake, kuti ana athu adzagone m'nyumba imene palibe amene amaitemberera akamadutsa.

Tipemphere: Atate, tipatseni malo athuathu, ndipo mutipatse mtima wokana malo a wina. Kumene tinadya malire, tilimbitseni kuti tikakonze sabata ino. M'dzina la Yesu, ameni.