Kodi Mau Oona Angathe Kunyenga?

M'dziko la America muli masewera a maere ochedwa Powerball. Munthu agula kapepala ka madola 2, nasankha manambala ace, nalindira tsiku la maere. M'mwezi wa November 2022 mphotho yace inakula kufikira madola mamiliyoni 2,040, ndipo inagwera munthu mmodzi wa ku California. Koma iye anawerengeredwa mamiliyoni 997 okha, msonkho usanacotsedwe. Nanga zina zija zinapita kuti?

Sizinabedwe ai, sizinalipo ndi kale lomwe. Ciwerengero cacikuruco ndico ca ndarama zimene wopambana akadalandira akadalola kupatsidwa pang'onopang'ono, magawo 30 pa zaka 29, eni masewera atakongoza ndaramazo kuti zibale phindu. Wofuna zonse lero apatsidwa zokhazo ziri m'thumba lero. Mlimi aliyense adziwa mwambo umenewu: iye amene agulitsa cimanga cace cikali m'munda, njala ya February itamgwira, salandira mtengo wa cimanga ca m'nkhokwe. Pambuyo pace boma la dzikolo litenga msonkho wace, pafupifupi madola 37 pa 100 aliwonse, ndipo kutsala mamiliyoni monga 628, osafika ngakhale limodzi la magawo atatu a ndarama zija zinalengezedwa.

Msonkho ulibe mlandu, pakuti Ambuye mwini sanakaniza Kaisara zace. Kucepa kwa ndarama za lero kulibenso mlandu; wokana kudikira alipira kufulumira kwace. Ndipo eni masewera angathe kunena kuti sanabisa kanthu, popeza ziwerengero zonse ziwiri zilengezedwa.

Zilengezedwadi, koma si ndi mau ofanana. Cacikuru cilembedwa pa zikwangwani za m'miseu ndi malemba oti woyenda patali awaone. Cacing'ono aciona yekhayo wocifunafuna. Eni masewera adziwa bwino kuti opambana ambiri asankha ndarama za lero, komabe apfuula ciwerengero cimene owerengeka okha adzacilandira. Hananiya sanaika ndarama zonyenga pa mapazi a atumwi. Zinali ndarama zenizeni, zacezace, ndipo akadatha kuzisunga zonse. Cimo lace linali kufuna kuti anthu ayese gawo ngati cathunthu. Lamulo loletsa umboni wonama siliyesa mau okha, liyesanso cimene wonenayo afuna kuti cikhale mumtima mwa wakumva.

Wonyengedwa si wopambana uja, pakuti mamiliyoni 628 sagonetsa munthu ndi njala. Onyengedwa ndiwo khamu la ogula, ambiri a iwo anthu a malipiro ocepa, amene ciwerengero cikakula athamangira ku sitolo ndi madola awo awiriawiri, ndipo mphotho yonse icokera m'matumba mwao. Mwai wa kapepala kamodzi ndiwo umodzi mwa mamiliyoni 292, ciwerengero coposa anthu onse a m'Zambia kakhumi.