Kufunafuna Makolo Amene Tinatayana Nawo



Muno mu Nancholi, ngakhalenso ku Manase ndi ku Chilobwe, ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale wosowa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa maulendowo. Ambiri anabwerera kumudzi, koma ena anatchona, monganso anzawo amene anapita m'mafamu a ku Zimbabwe. Lero zikuchitikabe. Bambo anapita ku Johannesburg, foni yawo n'kusiya kugwira. Ukwati unatha, bambo n'kuchoka pachikamwini ana akadali makanda. Mayi anasiya mwana kwa agogo, osabweranso.

Ife a Bahá'í nkhaniyi sitingaizembe. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analamula kuti mwamuna ndi mkazi akagwirizana zokwatirana, ukwatiwo uyembekeze chilolezo cha makolo. Shoghi Effendi anafotokoza kuti awa ndi makolo obereka onse amene ali moyo, kaya banja lawo linatha, kaya ndi achipembedzo china. Choncho mnyamata amene analeredwa ndi amalume ake amapezeka kuti ayenera kufunafuna bambo amene sakukumbukira n'komwe nkhope yawo. Ena timadandaula kuti lamuloli ndi lolemetsa. Koma cholinga chake ndi umodzi: banja latsopano lisayambire pa chidani chakale, ndipo mwana avomereze kuti moyo wake Mulungu anaudzeretsa mwa anthu awiri amenewa.

Banja la Bahá'u'lláh nalo linadziwa ululu wosadziwa kumene bambo ali. Mu Epulo 1854 Iye anachoka ku Baghdad kupita ku mapiri a Kurdistan, kufupi ndi Sulaymaniyah, pofuna kuti asakhale gwero la mikangano pakati pa okhulupirira. Nthawi imeneyo 'Abdu'l-Bahá anali asanakwane zaka 10. Kwa zaka pafupifupi ziwiri a m'banjamo sanadziwe kumene Iye anali. Atamva mbiri ya munthu wina woyera wotchedwa Darvish Muhammad, anatuma Shaykh Sultán kukamufunafuna, ndipo mu Marichi 1856 Bahá'u'lláh anabwerera. Chifukwa chimene Iye anachokera n'chosiyana kutalitali ndi cha makolo othawa ana awo. Chimene tikutolapo ndi khalidwe la otsalawo: sanataye mtima, anatchera khutu, ndipo anatuma munthu wokhulupirika.

Nafenso tiyambire pakhomo. Mayi, agogo kapena azakhali amene anatilera amve kuchokera pakamwa pathu, asamvere kwa anthu apadera. Tiwatsimikizire kuti kufuna kudziwa wotibereka si kuiwala amene ankatilipirira sukulu ndi kutigoneka m'chipatala tikadwala. Kenako tikafotokoze ku Bungwe Lauzimu la kwathu kuno kuti tikambirane pamodzi ndi kupemphera.

Tilembe zonse zimene tikudziwa: dzina lonse, mfunda, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, boma, ndi kumene munthuyo anagwirako ntchito komaliza. Ankhoswe a ukwati wa makolo athu kawirikawiri amadziwa zambiri zimene sanafunsidwepo. Bungwe la Malawi Red Cross Society limathandiza kulumikizitsa achibale amene anatayana chifukwa cha ngozi, nkhondo kapena kusamukira kunja. Mauthenga a pa wailesi ndi magulu a Amalawi a pa Facebook ndi WhatsApp amathandizanso, koma tichenjere ndi aliyense wofuna ndalama asanatilankhulitse ndi munthuyo.

Tikawapeza, tisapite tokha, ndipo tisanyamule mlandu wa zaka makumi awiri pa ulendo woyamba. Kukhululuka si kunama kuti sitinavutike. Tinene zoona mwaulemu, nawonso tiwalole anene mbali yawo. Mwina atilandira ndi misozi, mwina achita manyazi, mwina atikana poopa banja lawo latsopano. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, komatu fupa lothyoka sililumikizana tsiku limodzi. Ifeyo udindo wathu ndi kugogoda pachitseko ndi mtima woyera. Kutsegula ndi kwa iwo.

Pali makolo amene anazunza ana awo, ndipo pali amene sapezeka ngakhale titayesetsa chotani. Nkhani zotere tisaziweruze tokha, tizipereke ku Bungwe Lauzimu, pakuti malangizo a Chikhulupiriro chathu amaziganizira, ndipo lamulo la Mulungu silinaikidwe kuti libwezere mwana m'manja mwa womuvulaza. Tikapeza kuti anamwalira, ubalewo sunathe. Timaphunzira kuti mapemphero athu ndi ntchito zabwino zochitidwa m'dzina la omwalira zimathandiza mizimu yawo kupita patsogolo.

Enafe m'gulu lino ndife amene tikufunidwa. Ngati tinasiya mwana ku Thyolo kapena ku Ntcheu, tisadikire kuti adzatipeze akufuna chilolezo cha ukwati. Tiyambe ndife. Ndipo zimene mnzathu angaulule pano zithere pompano, pakuti miseche ndi yoletsedwa kwa ife, ndipo ingatseke chitseko chimene chinali pafupi kutseguka.

Tikambirane:

1. Kodi kulemekeza kholo limene silinatilere kumatanthauza chiyani pa zochita zathu?
2. Tingawafotokozere bwanji amene anatilera popanda kuwapweteka mtima?
3. Mnzathu akakanidwa ndi kholo lake, gulu lathu lingamuthandize motani?

Tisanabalalike, mmodzi wa ife atitsogolere pa pemphero lopempherera makolo.